Mkamwini wa kwa Mphenzi Amadya Chiyani?

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Kawirikawiri amene amatchula mwambiwu si amene ali pamoto. Ndi amene ali pamthunzi, akuonerera mnzake akukha thukuta. Mnyamata akadandaula kuti apongozi ake ndi aukali, amalume ake amamuponyera mawu amenewa. Msilikali akanjenjemera ndi kulira kwa mfuti, namwino akachita nseru ndi magazi, msodzi akaopa mwera, yankho limakhala lomweli: unkadziwa kumene ukupita, limba. Ndipo mwambiwu sunama kotheratu, pakuti wosankha ntchito sayenera kudabwa ndi fungo lake. Koma umathamanga kwambiri, ngati kuti kusaopa ndi chinthu chimene munthu amangodzuka nacho m'mawa. Sutiuza kuti mkamwini wa kwa mphenziyo amadya chiyani kuti asaope, ndiponso kuti kung'anima kukanyanya amapirira mpaka pati.

Kuti mwambi uyesedwe bwino pamafunika kupeza amene anauchitadi, ndipo alipo, ngakhale si anthu. Ndi mabakiteriya, tizamoyo tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'matope a kukamwa kwa mipope ya mafakitale, m'dothi la pamigodi ndi m'madamu a zonyansa, m'madzi amene chule sangaikiremo mazira. Mphenzi yawo ndi zitsulo zapoizoni: mtovu, mercury, cadmium, chromium ndi zinzake. Zitsulo zimenezi zikasungunuka m'madzi n'kulowa m'thupi la chamoyo, zimakakamira mapuloteni ogwira ntchito m'maselo n'kuwapotoza mpaka aleke ntchito. Choipa china n'chakuti siziwola. Mafuta otayika amatha kudyedwa ndi tizilombo mpaka kutheratu, za m'chimbudzi zimasanduka manyowa, koma mtovu ndi mtovu lero, mawa ndi zaka chikwi zikubwerazo. Komabe mu 1976 akatswiri a ku Belgium anapeza bakiteriya akuswana bwinobwino m'matope a m'thanki ya fakitale ya zinc kufupi ndi Liège. Lero amatchedwa Cupriavidus metallidurans, ndipo ena amakhalidwe ngati ake akhala akupezeka pafupifupi paliponse pamene munthu anatayapo zitsulo kwa nthawi yaitali.

Durban ndi umodzi mwa midzi ya kwa mphenzi. Mlendo amaona gombe, mchenga ndi uta wa bwalo la Moses Mabhida, koma amene amakwera takisi m'bandakucha kupita ku Clairwood, ku Jacobs, ku Mobeni kapena ku Isipingo, monga amachitira abale athu ambiri amene anabwera ku Joni kudzasaka, amadziwa nkhope ina ya mzindawu, ya machumuni ndi fungo loluma m'mphuno. Kumwera kwake kunamangidwa fakitale yoyenga mafuta mu 1954, ina mu 1963, pambali pake ya mapepala ya Mondi ndi zina zambirimbiri. Mu 2004 kunadziwika kuti madzi a pansi pa nthaka ku Merebank, pafupi ndi fakitale ya Bayer ndi nyumba za anthu, anali ndi chromium ya mtundu woyambitsa khansa. Kumtunda, pamsewu wa N3 wopita ku Pietermaritzburg, kampani ya Thor Chemicals inaunjika ku Cato Ridge migolo ya zinyalala za mercury zoposa matani 3,000, zina zochokera ku America ndi ku Ulaya, ndipo pofika 1990 zinali zitadziwika kuti mercury walowa mumtsinje wa Mngcweni, umene madzi ake amakathera mu uMngeni. Pa zipolowe za mu July 2021, nyumba yosungiramo mankhwala a ulimi ya kampani ya UPL ku Cornubia inatenthedwa, ndipo madzi ozimitsira moto anakokolola mankhwalawo, ena okhala ndi arsenic, n'kukawathira mumtsinje wa Ohlanga. Nsomba zinafa n'kuti mbwee pagombe la uMhlanga. Mpake kuti ku University of KwaZulu-Natal, nthambi ya Westville, ndi ku Durban University of Technology kuli anthu amene ntchito yawo ndi kukatapa matope onunkha, kufufuzamo tizamoyo topirira, n'kuona ngati tingatsuke madzi amene ife tinaipitsa.

Mercury ndiye amaonetsa bwino mmene kusaopaku kumayendera. Munthu angaganize kuti bakiteriya wopirira ali ndi khungu lokhuthala, kuti amatseka makomo poizoni asalowe. Zimene amachita n'zosemphana ndi zimenezo. Ali ndi mapuloteni apakhomo amene amagwira mercury n'kumulowetsa dala m'kati, akulandizana mosamala kuti asakhudze kanthu kena panjira, mpaka kukamupereka kwa enzyme yotchedwa MerA. Enzyme imeneyi imapatsa mercury maelekitironi awiri, ndipo pomwepo iye amaleka kukhala mchere wosungunuka woluma, n'kubwerera kukhala mercury wachitsulo, uja wa m'kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, amene amatuluka m'selo n'kuuluka ngati nthunzi. Koma bakiteriya sapanga MerA nthawi zonse. Malangizo opangira enzyme imeneyi alimo mu DNA yake, koma amakhala otsekedwa, ndipo mlonda wake ndi puloteni ina yotchedwa MerR. Ikangomva mercury, ngakhale wochepetsetsa, imatsegula, ntchito n'kuyamba. Mercury akatha, ntchito imaima. Akatswiri monga Simon Silver ndi Anne Summers anathera zaka zambiri, kuyambira m'ma 1970, akumasula ndondomeko imeneyi. Ndiye kuti mkamwini uyu kung'anima amakuona, amakuonanso msanga kuposa wina aliyense pamudzipo, ndipo kuona msangako ndi kumene kumamupulumutsa. Amene samva kuti mercury wabwera ndi amene amafa.

Ndiye pali nkhani ya mtengo. Maelekitironi awiri aja sagwa kumwamba. Amachokera ku chakudya chimene bakiteriyayo wagaya. Kapoizoni kalikonse kamene wachotsa wakalipira ndi shuga amene akanakula naye ndi kuswana naye. N'chifukwa chake salola kupanga enzyme pachabe, n'chifukwa chakenso wanjala yadzaoneni sangatsuke madzi a munthu ngakhale malangizo onse ali nawo. Kusaopa kuli ndi bajeti yake.

Amene anaphikapo thobwa akudziwa kale theka la sayansi imeneyi. Phala likapsa, mayi sathira chimera pomwepo. Amaliphula, amalitakasa, amadikira, amayesa ndi chala, mpaka kutentha kufike pamene iye akudziwa. Akathira chimera, phala lolimba lija limasungunuka iye akuona, n'kuyamba kutsekemera. Chimene chagwira ntchito ndi enzyme ya m'mawere omera, imene imaduladula ufa n'kuusandutsa shuga. Akathira phala likadali kubwata, enzyme imapsa ndipo thobwa silitsekemera. Akachedwa mpaka phala lizizire, ntchito imayenda mwaulesi. Chimera n'chomwecho, ufa ndi womwewo, chasiyana ndi kutentha basi. Enzyme iliyonse ili choncho: ndi puloteni yopindidwa mwaluso, yodziwa ntchito imodzi, yofuna kutentha kwake, asidi wake ndi mchere wake. Kusiyana n'kwakuti ya m'chimera mayi amaipeza itapangidwa kale, pamene ya bakiteriya umayamba wanyengerera mwini wake kuti aipange.

Kunyengererako kumachitikira m'labotale, ndipo woonerera akhoza kugona nako tulo. Wophunzira amandandalika mabotolo agalasi otsekedwa ndi thonje, onse ataphikidwa kaye pa madigiri 121 kuti musatsale mlendo aliyense. M'botolo lililonse amathira msuzi wa chakudya, mlingo woyezedwa wa poizoni ndi kadontho ka mabakiteriya, kenako amasintha chinthu chimodzi chokha. Ili alisunga pa madigiri 25, ilo pa 30, linalo pa 37, lina pa 45. Sabata yamawa asintha asidi, inayo asintha chakudya: ili shuga wa glucose, ilo shuga wathu wa nzimbe, linalo molasesi. Mabotolowo amakhala pamakina owagwedeza usana ndi usiku kuti mpweya uzilowa. Ngati poizoniyo ndi chromium, madzi amayamba ali achikasu. Pakapita maola angapo wophunzira uja amatapako pang'ono n'kudonthezamo mankhwala otchedwa diphenylcarbazide, amene amasandutsa madziwo a pepo. Mtunduwo ukakhala wowirira, ndiye kuti chromium 6, yoopsa ija, ikadalimo. Ukayamba kufwifwa tsiku ndi tsiku, ndiye kuti ma enzyme akuisandutsa chromium 3, imene silowa msanga m'maselo ndipo imakonda kukhazikika pansi. Akajambula zotsatira papepala kawirikawiri pamatuluka phiri: ntchito imakwera pamene kutentha kukukwera, imafika pachimake, kenako imagwa kamodzin'kamodzi. Kwa mabakiteriya ambiri a m'dothi ndi m'madzi oipa, chimakecho chimakhala pakati pa madigiri 30 ndi 37, m'madzi a pH yozungulira 7. Poizoni akamawonjezedwa pamafika mlingo umene ngakhale wopirira kwambiri amayamba kuchedwa kuswana, kenako amalekeratu, ndipo botolo limatha sabata lili lachikasu monga linayambira.

Ntchito yotereyi yachitika kwambiri m'dziko muno, poti South Africa ali ndi miyala ya chromium yochuluka kuposa dziko lina lililonse. Profesa Evans Nkhalambayausi Chirwa wa ku University of Pretoria, dzina limene si lachilendo m'makutu mwathu, anakatenga ndi ophunzira ake mabakiteriya m'matope a pamalo otsukira madzi a zonyansa ku Brits, amene ankalandira madzi oipitsidwa ndi chromium. Gulu losakanikiranalo, lokulira m'poizoni, linkachotsa chromium 6 yambiri mofulumira. Apa mwambi wapambana ndithu: wokulira kwa mphenzi amaposa mlendo. Ku Westville, Johnson Lin ndi mnzake C. Harichund analemba mu 2011 m'magazini ya Water SA za mabakiteriya amene amatulutsa chinthu chonanda chogwira mtovu, zinc ndi mercury n'kuzikokera pansi. Chonandacho si enzyme, koma amachipanga ndi ma enzyme, ndipo kuchuluka kwake nakonso kumatsata chakudya, asidi ndi kutentha.

Wina angati basi, chinsinsi ndi kudyetsa mkamwini mpaka akhute. Ayi ndithu. Jacques Monod wa ku France anaona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 kuti bakiteriya ukamupatsa shuga wamitundu iwiri, amayamba wamaliza wosavuta, ndipo nthawi yonseyo ma enzyme ogayira winayo sawapanga n'komwe. Kukhuta kumatseka makomo ena. Lynne Macaskie, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku University of Birmingham, anafufuza bakiteriya wa m'dothi loipitsidwa ndi zitsulo amene ali ndi enzyme yomasula phosphate. Phosphate ikakumana ndi mtovu, cadmium kapena uranium imapanga timiyala tosasungunuka, timene timamatirira pakhungu la bakiteriyayo mpaka kulemera kuposa mwini wake. Iye anapeza kuti enzyme imachuluka kwambiri pamene bakiteriya akuleredwa ndi chakudya chopereweza, chodonthezedwa pang'onopang'ono. Mabwana ena atamva zimenezi angasekerere, n'kumati wantchito wabwino ndi wanjala. Asafulumire. Kupereweza kwa Macaskie kunali koyezedwa ndi makina, chakudyacho sichinkadukiza, ndipo mankhwala amene bakiteriyayo ankamasulamo phosphate ankachita kugulidwa, pamtengo umene unakhala chopinga chachikulu pofuna kutengera njirayi ku mafakitale.

Bakiteriya wina, Sporosarcina pasteurii, ali ndi enzyme ya urease imene imaswa urea, yemwe uja wa feteleza, n'kutulutsa carbonate wokwirira zitsulo m'mwala wonga laimu. Koma urease siyenda popanda tinthu tiwiri ta nickel pakatikati pake, chonsecho nickel nayenso ndi chitsulo chapoizoni akachuluka. Pali mlingo umene mphenzi ndi ndiwo, pali mlingo umene ndi ntchito, pali mlingo umene ndi maliro. Mwambi umangoti saopa, mlingo osautchula.

Tsono botolo la m'labotale silidziwa mvula. Nyengo ya Durban ndi yofunda pafupifupi chaka chonse, ndipo pamenepa mzindawu uli ndi mwayi umene Johannesburg, ndi chisanu chake, alibe. Koma madzi otuluka m'mafakitale sabwera ndi poizoni mmodzi. M'mawa ndi asidi, masana ndi sopo ndi utoto, usiku ndi mchere, ndipo chitsulo chimodzi chimatha kupha enzyme yochotsa chinzake. Magetsi akazima, monga ankazimira mosinthanasinthana mu 2022 ndi 2023, makina opopera mpweya m'madamu otsukira madzi amaima pamene palibe jenereta, ndipo mabakiteriya ofuna mpweya amafooka. Mu April 2022 chigumula chinapha anthu oposa 400, chinaswa mipope ndi malo otsukira madzi a zonyansa, chinamiza fakitale ya mafuta ya SAPREF, ndipo magombe ena anatsekedwa miyezi. Tsiku ngati limenelo pH ya 7 amaisunga ndani?

Kumene njirayi inayenda pa fakitale yeniyeni, inayenda chifukwa anthu anamumangira mkamwiniyo nyumba. Cha m'ma 2000, gulu la Irene Wagner-Döbler la ku Braunschweig, Germany, linaika thanki pa fakitale yopanga chlorine ku Ústí nad Labem, m'dziko la Czech Republic. M'thankimo anadzazamo timiyala tamabowomabowo kuti mabakiteriya, makamaka a mtundu wa Pseudomonas, amatirirepo. Madzi asanalowe ankayamba achepetsedwa ukali wa asidi, ankadonthezeredwa shuga ndi chakudya china chochokera ku yisiti, ndipo makina ankayeza mercury mosalekeza kuti akachuluka mwadzidzidzi madziwo apatutsidwe asanaphe mabakiteriya ogwira ntchitowo. Zikatero mercury woposa 90 pa 100 aliwonse ankatsalira m'thankimo ngati timadontho tonyezimira. Ndimaona kuti tizamoyo tosaonekato tinkasamalidwa kuposa mmene antchito ambiri amiyendo iwiri amasamalidwira, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: bakiteriya ukamuzunza ntchito imaima lero lomwe, munthu ukamuzunza amabweranso mawa.

Ngakhale zitayenda bwino chotero, mphenzi sinafe, yangosamutsidwa. Mercury amene bakiteriya wamuulutsa m'dambo, popanda thanki yomugwira, amayenda mumlengalenga miyezi yambiri n'kukagwa ndi mvula kwa anthu ena. Bakiteriya wasesa pakhomo pake, osati padziko. Chromium 3 imene yakhazikika m'dothi ikhoza kubwerera kukhala chromium 6 ikakumana ndi miyala ina ya manganese. Matope odzaza mtovu ayenera kukumbidwa, kunyamulidwa, kukwiriridwa penapake, ndipo penapakepo nthawi zambiri pamakhala kuseri kwa nyumba za osauka.

Choopsa kwambiri n'chakuti si onse okwata kwa mphenzi amene amaiziziritsa. M'matope opanda mpweya, pansi pa madamu ndi m'madambo, mumakhala mabakiteriya opuma sulfate m'malo mwa okosijeni. Ndi athandizi abwino: mpweya wawo wonunkha ngati dzira lowola umagwira zitsulo zambiri n'kuzigwetsa pansi, ndipo akatswiri a ku Rhodes University anawagwiritsa ntchito kutsuka madzi a asidi a m'migodi powadyetsa matope a suweji. Koma ena mwa iwo omwewo akapeza mercury amamusandutsa methylmercury, amene amalowa m'nsomba, amachulukirachulukira kuchoka ku kansomba kupita ku chinsomba chodya zinzake, n'kukathera mu ubongo wa munthu ndi wa mwana amene ali m'mimba. Ndiye poizoni uja anapundula anthu ku Minamata, Japan, kumene matendawo anadziwika mu 1956, ngakhale kumeneko ankatuluka m'fakitale atapangika kale. Malangizo a mu DNA amene amachititsa mabakiteriya zimenezi anadziwika mu 2013, chaka chomwe mayiko anasainirana pangano la Minamata lochepetsa mercury. Mumtsinje umodzimodzi, pamwamba pamene pali mpweya bakiteriya wina akuulutsa mercury, pansi m'matope wina akumunola. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2010 anapeza mercury wopitirira mlingo m'nsomba zina za m'damu la Inanda, pa uMngeni, ndi m'tsitsi la ena mwa anthu okhala m'mbali mwake. Damu limeneli ndi limodzi mwa madamu omwetsa Durban.

Komanso malangizo opiririra mercury nthawi zambiri amayenda patimphete ta DNA timene mabakiteriya amapatsirana, ndipo pa timphete tomweto pamakhalanso malangizo opiririra mankhwala a kuchipatala. Mtsinje wa zitsulo umasefa ofooka n'kusiya olimba, ndipo wolimba pa mercury lero akhoza kukhala yemweyo wokana jakisoni wa dokotala mawa. Kusaopa si ulemu nthawi zonse. Zimatengera kuti wosaopayo ndi ndani ndipo akukana chiyani.

Koma mwambi sunapekedwere mabakiteriya. Unapekedwera munthu amene anapita yekha kukafunsira, ndipo anthu a ku Wentworth, Merebank ndi Umlazi sanafunsire. Lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950 ndi mapulani a akuluakulu a mzinda a nthawi imeneyo ndi zimene zinawaika m'mphepete mwa machumuni, aliyense monga mwa khungu lake, kuti mafakitale asavutike kupeza antchito. A ku Cato Ridge anapita okha kukapempha ntchito, inde, koma kuvomera ntchito si kuvomera chimene sunauzidwe. Mu 1992 ena mwa iwo anadwala koopsa: kunjenjemera, kusokonekera mutu, kukomoka kwa nthawi yaitali, ndipo ena anamwalira. Pulezidenti Nelson Mandela anakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi Dennis Davis mu 1995, ndipo mu 1997 antchito 20 analandira chipukutamisozi cha mapaundi 1.3 miliyoni pa mlandu umene unakasumidwa ku London. Kampani ya Thor Chemicals inali itasamutsira ntchito ya mercury kuno kuchokera ku Margate, England, kumene oyendera zaumoyo anali atadandaula kale ndi kuchuluka kwa mercury m'matupi mwa antchito. Mphenzi inkadziwa ukali wake. Amene sankadziwa ndi mkamwini.

Munthu alibe MerA. Mabakiteriya ena amagawikana pawiri m'mphindi 20 zokha zinthu zikakhala bwino, ndipo mamiliyoni akafa, mmodzi wopirira amadzaza botolo pofika mawa. Kuzolowera kwawo kumagulidwa ndi imfa zosawerengeka zimene palibe amazilira. Chimene ife timachitcha kuzolowera ndi china. Mphuno imaleka kumva fungo, maso amaleka kulabadira utsi, koma impso, mafupa ndi ubongo zimakhala zikusunga zonse. Mtovu umakhala m'mafupa zaka makumi, monga akudziwira a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akubadwirabe m'fumbi lake. Mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene wapeza ganyu woswa mabatire akale kapena wotsuka migolo ya mankhwala, wopanda magolovesi, wopanda mapepala oti n'kukadandaula nawo, akayamba kumva mutu ndi kupotokola m'mimba madzulo, anzake ogona nawo chipinda chimodzi amamuseka: "Achimwene, munabwera nokha ku Joni, mukuopanso chiyani?" Amanena mwachikondi, pofuna kumulimbitsa mtima, ndipo n'chifukwa chake mawuwo amamutseka pakamwa bwino kuposa mmene bwana akanamutsekera. Chimodzimodzi okumba golide ku Niassa ndi ku Manica, amene amawotcha mercury pamoto kuti golide atsale, nkhope ili pamwamba pa nthunzi.

Amene anasinthako zinthu kumwera kwa Durban ndi anthu amene anakana kuzolowera. Bungwe la South Durban Community Environmental Alliance, limene linayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, linaphunzitsa anthu wamba kutapa mpweya woipa ndi ndowa zapulasitiki n'kuutumiza ku labotale, ndi kulemba tsiku ndi ola limene fungo labwera. Desmond D'Sa wa ku Wentworth anatsogolera anthu mpaka dzala la zinyalala zapoizoni la Bulbul Drive ku Chatsworth linatsekedwa mu 2011, ndipo mu 2014 analandira mphoto ya Goldman. Mantha awo anali a mtundu wa MerR uja, omva msanga n'kuyambitsa ntchito.

Mabakiteriya sindikuwapeputsa. Pa madzi ambiri okhala ndi chitsulo chochepa, amene kuwatsuka ndi mankhwala kumadula n'kusiya matope ochuluka, iwo ndi antchito otsika mtengo, ndipo KwaZulu-Natal, ndi minda yake ya nzimbe, sikusowa molasesi wowadyetsa. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 0.05 a chromium ndi 0.01 a mtovu pa lita imodzi, ndipo potsitsa zitsulo kulinga ku milingo yaing'ono chotero ndi pamene tizamoyoti tili ndi ntchito. Koma pa migolo ya ku Cato Ridge palibe amene akanaitana bakiteriya. Mlingo wake unali wa maliro ngakhale kwa iwo. Migoloyo inakhala m'mashedi zaka pafupifupi 30, ina ikuchita dzimbiri n'kumadontha, mpaka moto unabuka pamalopo mu August 2019. Chaka chotsatira inayamba kupakidwa m'makontena kupita ku Switzerland, ku fakitale ya Batrec m'tauni ya Wimmis, kumene amatenthetsa zinyalala zotere, kugwira mercury, kumuphatikiza ndi sulufule kuti akhale ufa wofiira wosasungunuka, n'kukamusunga pansi pa nthaka m'migodi ya mchere ku Germany.